Mkanjo wa matumba a feteleza

Esnati wanga, amene akundilembera izi, ndi namwino. Petulo ali ndi sitolo ku Namitambo. Iwe Feliksi, chitsiriza wanga, lero patha chaka chimwalirire, koma anthu akunenabe kuti unali wa satana. Zikundiwawa. Anali masewera chabe oyerekeza kuti dziko latha. Anzako ankakhala opulumuka, iwe mkulu wa mpingo woipa wowasaka. Mkanjo uja ndinasoka ndine ndi matumba a feteleza, nʼkuudetsa ndi makala. Utauvala unandidzidzimutsa kuseri kwa nkhokwe, ndinakukwapula ndi tsache. Unaseka nʼkunena kuti, "Amayi, mwagonjetsa mfumu ya mdima!" Anakutenga ndi malungo, mwanawe.

Abale, tikumane kwathu kwa Mpama Loweruka likudzali. Mkanjowo ndidzauyanika pakhomo, onenawo adzaone okha ulusi wanga.