Dera kaye kapena mwezi kaye

Sabata imene ndinkasamuka ku Chitipa sindinkakhazikika pampando. Katundu ndinali nditamanga kale, koma ku ofesi kunatsala kanthu kondisowetsa mtendere: kapulogalamu kamene ndinalemba kosanja zithunzi za minda zomwe alangizi ankatumiza kuchokera ku Wenya ndi ku Chisenga.

Pokayendetsa, munthu ankalemba dzina la kapulogalamuko pakompyuta, kenako dera, kenako mwezi, motsatana choncho. Zala zanga zinali zitazolowera, koma mayi amene ankalowa m'malo mwanga, mlangizi wa ku Chisenga komweko, zinkawasokoneza. Tsiku lina anayamba ndi mwezi, kapulogalamuko n'kumasakasaka dera lotchedwa Malichi. Atafunsa chifukwa chake, ndinawauza kuti kompyuta sidziwa dera, imangoona mawu amene ali patsogolo. Iwo anati alemba ndondomekoyo pakapepala n'kumata pakhoma. Ine ndinayang'ana khomalo, lomwe mvula ikagwa linkachita chinyezi, ndipo mtima sunakhale pansi.

Nditangoyamba kukonza kapulogalamuko, magetsi anathima. Ndinatuluka, kuzungulira msika osagula kanthu, kubwerera, kutulukanso. Anyamata a njinga zamoto anafika potopa kundiitanira.

Magetsi atayaka, ndinapatsa chilichonse dzina lokhala ndi timizere tiwiri kutsogolo: --dera Wenya, --mwezi Malichi. Tsopano kapulogalamuko kankafufuza dzinalo n'kutenga mawu otsatira, kaya ali koyambirira kaya kumapeto. China chikasowa, kankanena chasowacho. Mayiwo anayesa motembenuza dala, zithunzi n'kupita pamalo pake.

"Yewo, adada. Tsopano pitani, basi ikusiyani," anatero akuseka, atandithokoza m'Chitumbuka.

M'minibasi ya ku Karonga foni inali m'manja njira yonse. Netiweki inkabwera n'kusowa m'mapirimo, ine n'kumangoyang'ana. Tikutsetsereka, foni inalira. Anali iwowo, kundiuza kuti ndaiwala jekete kuseri kwa chitseko. Ndinawadula mawu n'kufunsa za zithunzi. Anati m'mawawo anaiwala kulemba mwezi, kompyuta inawakumbutsa, ndipo za ku Wenya zonse zinali zitasanjidwa kale.

Foni inaduka tisanagwirizane za jekete. Ndinaiika m'thumba, koma posakhalitsa ndinaitulutsanso, chifukwa ndinakumbukira kuti sindinawauze zoti akalemba Chisenga ndi chilembo chaching'ono, kapulogalamuko sikalizindikira deralo.