Mayi Dorothy Sanali Ofatsa

Pa maliro a Mayi Dorothy ku Bangwe, mwana wawo woyamba, Aleck, wogwira ntchito ku banki, wokhala ku Namiwawa, anaimirira ndi pepala kuti awerenge mbiri yawo. Mlongo wake Ireen anakhala pamphasa pafupi ndi bokosi, makutu ali tcheru.

"Mayi athu anabadwira ku Mulanje," anayamba Aleck. "Anali munthu wofatsa, wosalankhulalankhula, wochita bizinesi ya zovala."

Wofatsa! Ireen anapsa mtima. Mayi Dorothy anachokera ku Milanje, kutsidya kwa malire, akuthawa nkhondo wapansi, Aleck yemweyu ali kumsana. Atafika mu Limbe anayamba kugulitsa kaunjika pakhonde la sitolo ya a Hasmukh, ndipo akaitana ogula, mawu awo ankamveka mpaka ku depoti ya maminibasi. Tsiku lina kutabwera olanda katundu wa mavenda, anzawo onse analiyatsa liwiro. Iwo anakhala pa belo lawo n'kumaimba nyimbo ya Chilomwe mpaka anthuwo anatopa okha. Belo limenelo ndi lomwe linaphunzitsa Aleck sukulu, koma lero ankachita nalo manyazi pamaso pa mabwana ake amasuti.

Chimene chinkamuwawa Ireen n'chakuti mbiri ya pa maliro siwerengedwa kawiri. Akangokhala chete, adzukulu adzakula akudziwa agogo a papepalawo.

Sizichitika kuti mkazi n'kudula mlongo wake pakamwa mwambo uli mkati. Ireen anaimirira, n'kumangitsa chitenje.

"Achimwene, amene mukuwerengawo ndi mayi a ndani? Athuwa ayi."

"Ireen, khala pansi, anthu akuona," ananong'ona Aleck.

"Aone! Mayi anali obwera, aukali, aphokoso. Muwaike m'manda mmene analili."

Abusa anatsokomola, mabwana aja n'kumayang'ana nsapato zawo. Kenako pakati pa amayi a kaunjika, a Hilda, amene anagulitsa nawo limodzi pakhonde lija, anakuwa misozi ili mbwee, ndendende mmene malemuwo ankaitanira ogula:

"Kuona n'kwaulere, kugwira n'kugula!"

Anzawo anavomera onse pamodzi, ena akuseka, ena akulira, mpaka phokoso linafika kumsewu.

Aleck anayang'ana pepala lija kwa nthawi, kenako analipinda n'kuliika m'thumba.

"Mayi athu anabadwira ku Milanje," anatero. "Anabwera wapansi. Ine ndinali kumsana."