A Taonani, Kalipentala wa Pasukulu Pathu

Sabata yatha tinaika m'manda bambo amene sukulu yonse inkawadziwa ndi dzina loti a Taonani. Ndapemphedwa kuti ndilembe za moyo wawo poti ndinakhala nawo m'komiti imodzi zaka khumi ndi ziwiri, ine mphunzitsi, iwo kalipentala. Ndikulemba mwamantha, chifukwa munthuyu sankafuna kutamandidwa.

Anali mwana wachisamba m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Sukulu anailekeza sitandade 4 bambo awo atachita khungu. Lamulungu lililonse ankawagwira dzanja bambowo kupita nawo kutchalitchi, ndipo masiku enawo ankagwira ntchito kocheka matabwa kuti abale awo adye. Kumeneko makina opanda chotchinga anawadula zala ziwiri za kumanja, akadali mnyamata. Sindinawamvepo akudandaula. Ankangoti, "Mulungu anandisiyira zokwanira kugwira hamala ndi kolona."

Anakwatira n'kubereka ana aakazi atatu. Mkazi wawo atamwalira, anawalera okha, mpaka kuphunzira kuluka tsitsi ndi zala zotsalazo. Pasukulu pathu anabwera imvi zitayamba, kudzakonza madesiki. Koma maso awo sankakhala pamadesiki pokha. Ukamadutsa umangomva, "Taonani apa, aphunzitsi." Ukayang'ana, ndi msomali wotuluka pabenchi, kapena waya wamagetsi wosupuka, kapena thanki yamadzi akumwa yopanda chivundikiro. Dzina lija linachokera pamenepo, ndipo kunena zoona, tinkawatchula choncho mowaseka.

Tsiku lina analowa mu ofesi ya ahedi, chipewa chili m'manja.

"Bwana, ana mazana asanu ndi awiri sangayang'aniridwe ndi maso anga awiri. Pakhale kagulu koona za umoyo ndi chitetezo chawo."

"Tamva, a Taonani," anatero ahedi, osadzutsa n'komwe mutu.

Anadikira miyezi itatu, zii. Ndiye anayamba kuyankhula ndi makolo mmodzimmodzi potuluka m'tchalitchi. Anapita kwa namwino wa pachipatala chapafupi, namudikira pabenchi mpaka odwala onse atatha. Kwa ine, pondipempha kuti ndikhale mlembi, anati, "Inu mumalemba bwino, ine zilembo zanga zimakhala ngati padutsa nkhuku." Pomaliza ahedi analola. Tinalipo asanu ndi atatu: ahedi, aphunzitsi awiri, makolo atatu, namwino uja ndi iwowo. Titafuna kuwasankha kukhala wapampando anakana. "Mpando ndimakhoma, sindikhalapo," anatero, tonse n'kuseka.

Lolemba lililonse tinkayamba ndi pemphero, kenaka n'kuzungulira sukulu yonse. Tinaika ndowa ndi sopo pakhomo pa zimbudzi, bokosi la mabandeji mu ofesi, ndipo ana tinawaphunzitsa kutuluka mwandondomeko belu likalira katatu.

Chiyeso chawo chachikulu chinadza m'chaka chachiwiri. M'kalasi ya sitandade 2 munali mng'alu pakhoma. A Taonani analemba chizindikiro ndi pensulo, ndipo patapita sabata anapeza kuti mng'aluwo wakula moti chala chinkalowa. Anapempha komiti kuti kalasiyo itsekedwe, ana azikaphunzirira mu holo ya tchalitchi. Tinavomera monyinyirika. Makolo anakwiya, poti holoyo inali patali ndipo mvula inali itayamba. Pamsonkhano mayi wina anaimirira n'kuwaloza chala.

"Kalasi imeneyi ndinaphunziramo ine! Munthu wosatha sukulu azitilamulira ana athu?"

Ena anati akungofuna kudzipezera ntchito yomanga. Ngakhale ife anzawo a m'komiti sitinawaikire kumbuyo. Iwo anayankha mofatsa kuti, "Mayi, ndinyozeni ine mwana wanu ali moyo. Zimenezo ndipirira." Masabata atatu anthu ankawalambalala osawapatsa moni, koma iwo m'mawa uliwonse ankaperekeza anawo kuholo, ambulera ali m'manja.

Lachitatu lina, cha m'ma teni koloko m'mawa, mvula ikugwa, tinamva chiphokoso ngati bingu. Khoma lija linali litagwera m'kati, denga n'kutsatira. Madesiki anaphwanyika ngati timitengo ta machesi. Nthawi imeneyo anawo akanakhala ali pakati pa masamu.

A Taonani anafika akuthamanga. Sanayang'ane aliyense wa ife amene tinawasiya okha. Anangoti, "Tiyeni tikawerenge ana." Kuholo tinaitana mayina: makumi asanu ndi atatu kudza atatu, onse analipo. Apo m'pamene anagwada pasimenti n'kulira, ndipo mayi uja anagwada pambali pawo. Lolemba lotsatira anabwera ndi nkhani ya mawaya a mu sitandade 6, ngati kuti palibe chimene chachitika.

Anatumikira mpaka mawondo atakana. Miyezi yomaliza anagona kwa mwana wawo wamkulu, akulandira ukaristia pabedi. Masana a tsiku lomaliza anamuuza mwanayo kuti, "Ukawauze a komiti kuti chitsulo chogwirira pamasitepe chayamba kugwedera. Ndinaiwala." Atatero anapempha kuti awawerengere salimo, ndipo anatsikira kuli chete salimolo lisanathe.

Chitsulocho tinachimanga m'mawa wa tsiku la maliro, tisanapite kukanyamula bokosi. Ambuye awapatse mpumulo wosatha.