Tepi ya a Wawotchi M'kolido

Ndimakolopa pachipatala, ku wodi ya odwala mitsempha ya magazi. Kumeneko kuli dokotala wachinyamata amene anamwino anawapatsa dzina loti a Wawotchi, chifukwa kawotchi kowerengera mphindi sikachoka m'khosi mwawo.

Bambo awo anali okonza mipope ya madzi. Adokotalawo amati ntchito ndi yomweyo, kungoti mpope wa munthu sungautseke kaye n'kupita kukadya. Anatha zaka zambiri akuphunzira kung'amba mwendo ndi kusoka mtsempha. Manja atangoyamba kuzolowera, akuluakulu anawachotsa ku fiyeta kwa zaka ziwiri kuti aphunzirenso kafukufuku. Mayi awo mpaka pano amakhulupirira kuti mwana wawo anapalamula.

"Amauza anzawo kuti ndinatsitsidwa, pano ndimayendetsa nkhalamba," adokotala anandiuza tsiku lina.

Kunalidi kuyendetsa nkhalamba. Munthu amene magazi safika bwino kumiyendo, akayenda pang'ono akatumba amapweteka. Adokotala ankafuna kudziwa ngati kuyenda tsiku ndi tsiku kumathandiza, ndiye ankauza odwala kuti aziyenda kunyumba n'kumabwera kudzayezedwa. Anamata matepi awiri pansi m'kolido, motalikirana mamita makumi atatu. Wodwala ankayenda uku ndi uku kwa mphindi zisanu ndi imodzi, iwo n'kumawerenga maulendo. Pakutha pa chaka anayenera kukaonetsa zotsatira kwa mapulofesa. Zikakanidwa, chaka chachiwiri panalibe.

Ine za mamitazo sindinkazidziwa. Ndinkangoona matepi akuda bii pamalo anga okolopa. Tsiku lina ndinawapala ndi mpeni, n'kumata atsopano oyera. Imodzi inali pakhomo la chimbudzi pamene pamanyowa, ndiye ndinaisendeza kufupi ndi zenera kuti agogo asaterereke. Ndinapita kunyumba ndikudzitama. Ndinauzanso bambo a mwana kuti pachipatalapo pakanapanda ine, kaya.

Patatha miyezi iwiri adokotala anandipeza ndikufinya mopu, nkhope ili ngwee.

"Achemwali, odwala anga achita zodabwitsa. Ngakhale aja amabera osayenda kunyumba, maulendo awonjezeka."

"Inenso ndawathandizako," ndinatero monyada. "Kuja kuchimbudzi kunali kutali."

Anandiyang'ana ngati ndalankhula ali m'tulo.

"Kutali bwanji?"

Ndinawalozera pamene panali tepi yakale, n'kuwauza kuti ndinaipala ndi mpeni n'kumata yatsopano kufupi ndi zenera. Anakatenga tepi yoyezera, n'kugwada pansi ponyowa ndi thalauza lawo labwino. Anayeza kawiri. Mamita makumi awiri ndi asanu ndi imodzi.

"Ndiye kuti amene wachiritsa anthuwa ndinu," anatero ali chigwadire. "Ndi mpeni wa kukhitchini. Ine zaka khumi kusukulu."

Ndinafuna nthaka ing'ambike. Ndinati ndiibwezera pomwepo, ndipo palibe adzadziwe.

"Kubwezera n'kosavuta. Nanga manambala ali m'bukuwa? Sindikudziwa kuti olondola athera pati, olakwika ayambira pati. Ngati tsiku silidziwika, chaka chonse n'chotaya." Anakhala pabenchi ya odwala. "Inenso ndine mbuzi. Lamulo limati uziyeza njira m'mawa uliwonse. Ndinayeza kamodzi, n'kumakhulupirira simenti."

"Tsikulo ndikulidziwa, adokotala."

"Achemwali, musandisangalatse. Apa sipofunika zoti mwina."

Koma ndinkalidziwadi. Tsiku limenelo ndinafika mochedwa chifukwa ndinayamba ndapita ndi mwana kukabayitsa katemera, ndipo ndinapala matepiwo madzulo pofuna kuti akapitawo aone kuti sindinangokhala. Kabuku ka kusikelo ka mwana sikachoka m'chikwama changa. Ndinakatulutsa, kali ndi madontho a phala, n'kuwaonetsa deti ndi chidindo.

Anakagwira ndi manja awiri ngati kalata ya ntchito.

Sabata yonse anakhala pakompyuta akuwerengetsanso ulendo uliwonse kuyambira tsiku limenelo. Zodabwitsa zija zinasungunuka. Amene ankayendadi kunyumba anapezeka kuti awonjezera pang'ono chabe, obera aja ali pomwe analiri. Ndinawafunsa ngati kwa mapulofesa akanene za ine.

"Ndikanena kuti tepi inasuntha ndipo ine sindinayeze. Dzina lanu likafunika pati?"

Tsiku la msonkhano ndi mapulofesa ndinakolopa pakhomo la chipinda chawo katatu, pansi pouma kale. Adokotala atatuluka, tayi ili pambali, sindinadikire moni.

"Zatha bwanji?"

"Andikazinga ola lathunthu. Pulofesa wamkulu akuti manambala oyamba aja akanawakana asanakhale n'komwe pansi, chifukwa miyendo sichira choncho. Awa ang'onoang'onowa awakhulupirira." Anapukuta thukuta. "Chaka chachiwiri andipatsa. Koma akuti ndikaime pamaso pa ophunzira atsopano ndiwafotokozere mmene ndinapusira."

Ndinawapepesanso. Anangoti mawa ndibwere msanga, pali agogo asanu oyenda, ndipo poyeza njira pamafunika wina wogwira tepi mbali inayo.