Maso a Sipanala

Ophunzira onse a pa yunivesite ankangowatchula kuti a Sipanala. Anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu mu shedi yowotcherera zitsulo, kuseri kwa laibulale. Sukulu anailekezera panjira bambo awo atamwalira, koma chilichonse chimene wophunzira wajambula, iwo ankachipanga.

"Pepala silikana kanthu," ankatero. "Bwera nacho kuno, timve ngati chitsulo chivomere."

Tsiku lina kunabwera mtsikana wa chaka chachitatu. Amayi ake anali atafa ziwalo mbali imodzi, ndipo kuwachotsa pabedi kunkafuna anthu awiri. Iye ankafuna kupanga chonyamulira wodwala, choti munthu mmodzi azingopukusa chogwirira. Aphunzitsi ake anali atamuuza kuti asankhe ntchito yopepukirako.

A Sipanala analisendeza pepalalo pafupi ndi mphuno, nalitembenuza kawiri.

"Injiniya, ichi chikhoza kunyamula nkhuku, osati amayi ako. Tenga mpando."

Anachipanga miyezi itatu ndi mapaipi akale ndi tcheni cha njinga. Chimene mtsikanayo sankadziwa n'chakuti a Sipanala ankaona ngati m'chifunga. Moto wowotcherera unali utawadya maso pang'onopang'ono, ndipo adokotala anali atawaletsa kale. Kunyumba akazi awo ankawaika kansalu konyowa pamaso, uku akudandaula.

"Ana a eni ake adzakuthetsani maso, bambo."

"Ndingomaliza kamodzi aka," ankayankha.

Pa chionetsero cha luso la ophunzira, chonyamuliracho chinapambana. Akuluakulu anatchula mtsikanayo, aphunzitsi ake ndi mkulu wa dipatimenti. A Sipanala anaimirira pakhomo, ovolosi ili m'thupi, akuomba m'manja. Kutsogoloko sankaonako bwino, ankangotsatira phokoso.

Patangotha mwezi analandira kalata. Shedi ija inkagwetsedwa kuti pamangidwe nyumba yatsopano yolimbikitsira luso ndi bizinesi za ophunzira, ndipo ogwiramo ntchito ankafunika a digiri. Sanakangane ndi munthu. Anasesa pansi, napereka makiyi. Chaka chisanathe, maso anazimiratu.

Masana ena ali khale pakhonde anamva mawu amene anawazindikira.

"Ndine, bambo."

"Injiniya. Amayi ali bwanji?"

"Tinawaika m'manda mwezi watha. Koma miyezi isanu ndi itatu ndinkawanyamula ndekha, osakagogoda kwa aneba. Ankawothera dzuwa tsiku lililonse."

A Sipanala anaweramitsa mutu, misozi ikudontha pa maondo.

Kenako mtsikanayo anafotokoza chimene anadzera. Iye ndi anzake awiri anali atatsegula kashedi kawo, ndipo mabanja ambiri ankafuna zonyamulirazo, koma malo amene ankawotcherera ankathyoka.

"Ndilibe maso, mwanangu. Ndikakuthandizani chiyani?"

"Mukangotiuza pamene tikulakwitsa."

Ankawatenga Lachiwiri ndi Lachisanu. Ankakhala pa mpando wapulasitiki, chitsulo chikazizira n'kuchisisita ndi zala.

"Apa wathamanga. Dula, uyambirenso."

Anapitako miyezi inayi yokha, chifuwa n'kuwagoneka. Anamwalira mvula itangoyamba. Ku yunivesite sikunachokere munthu, chifukwa uthenga unakafikira pa desiki ya kalaliki amene anali patchuthi. Atatu aja anatseka kashedi kawo sabata yathunthu, ndipo mtsikanayo anagona pa siwa pambali pa mayi wamasiyeyo, ngati mwana wa m'nyumbamo.