Timbewu ta Amayi

Dzulo ndikufesa maluwa kwathu ku Nathenje, fungo la dothi lonyowa linandikumbutsa amayi. Tsiku lomwe ankapita kukadikirira kuchipatala ku Mitundu, anafesa timbewu takuda pakhomo. "Uzithirira, mwanawe. Maluwawa akamera, ndibwera."

Ine ndinaganiza kuti akapanda kumera, amayi sabweranso. M'mawa uliwonse ndinkafukula timbewuto ndi chala, mtima ukugunda, kuti ndione ngati tili moyo.

Azakhali anandipezerera. "Iwe, wasanduka nkhuku? Ukafukula choncho samera!"

Ndinakhala pansi n'kuyamba kulira. "Ndiye ndawapha amayi!"

Sipanamere ngakhale duwa limodzi, koma amayi anabwera, khanda lili m'manja.

Mpaka lero, zomwe ndasiya m'manja mwa Ambuye, chala changa chimafunabe kukazifukula.