Tsiku lomwe tinapita kukaperekeza Rima

Ndinali ndi zaka khumi, nditangotha chaka ku Highfields mumzinda wa Leicester, pamene m'kalasi mwathu munabwera mtsikana wochokera ku Gaza, dzina lake Rima. Anali wofatsa, ndipo chikwama sankachivula kumsana ngakhale atakhala pampando. Ine sukulu ndinkaikonda kuyambira masana. M'mawa wa kuno unkaluma makutu, moti mayi ankachita kundisolola m'bulangete ngati mbewa kuuna.

Tsiku lina belu lochenjeza za moto linalira. Tonse tinkadziwa kuti ndi zoyeserera, ndipo tinatuluka tikuseka. Rima yekha anadziponya pansi pa desiki, manja ali kumutu. Aphunzitsi anachita kumunyamula. Bambo ake atabwera kudzamutenga, ndinawamva akunena kuti mwina mwanayo ayambe wasiya sukulu.

Madzulo ndinawafotokozera mayi akukonzekera kupita ku Evington, komwe ankasamalira okalamba.

"Ndiye anzakenu mwangomuyang'ana?" anatero. "Kwathu munthu wamantha timamuperekeza. Ndikaweruka shifiti mawa tikamutenga, ndipo za 'I'm tired' zakozo ndisazimve."

M'mawa tinagogoda pakhomo pa kwawo kwa Rima. Bambo ake anatsegula ali ndi nkhope ya munthu wogonja, nkutiuza kuti mwana wakana kukhala pakhomo ndipo wanyamuka kale.

Tinamupeza pageti la sukulu, lisanatsegulidwe n'komwe. Anali yekhayekha, mpweya ukutuluka mkamwa ngati utsi.

"Mwanawe, sukuopa belu lija?" mayi anafunsa m'Chingerezi.

"Ndikuopa," anayankha. "Sukulu yathu inagumuka mbali imodzi ndi bomba, koma aphunzitsi anatiphunzitsabe m'chipinda chopanda khoma. Ankati mayiko anagwirizana lamulo lakuti mwana aziphunzira ngakhale pankhondo, ndiponso kuti ana ali m'kalasi saponyeredwa mabomba. Ankati ena akaliphwanya, ife tizilisunga pobwera kusukulu."

"Aphunzitsiwo ali kuti?" ndinafunsa ine wapakamwa.

"Anamwalira. N'chifukwa chake ndabwera."

Mayi anga anavula mpango wawo nkumukulunga Rima m'khosi. Ine ndinachita naye mantha aulemu mtsikanayo, onga amene ndinkachita polowa m'tchalitchi mulibe anthu.

Belu loyambira maphunziro litalira, Rima anadzidzimuka nkundifinya dzanja mpaka zala kuwawa. Koma woyamba kulowa anali iye, akundikoka.

Nditakula ndinaliwerenga lamulo lija. Lilipodi, ndipo linalembedwa bwino. Koma tsopano ndimadziwa kuti pepala lilibe miyendo. Ndikamva kuti sukulu ina yagwetsedwa kwawo kwa Rima, mtima umandiwawa, ndipo ndimakumbukira amene analinyamula lamulolo m'mawa uja. Anali mwana wazaka khumi, atayima pageti lotseka.